Khomo Limodzi pa Mpanda wa Mayi Likongwe

Kalekale, koma si kale la makolo ayi, ndi kale lomweli la mafoni ndi kuzimazima kwa magetsi, kunali dera lina la kumayadi m'mphepete mwa mzinda. Anthu a kumeneko ankakhala m'nyumba zawozawo, panalibe wa lendi, ndipo chomwe ankachiopa kuposa imfa chinali mbava. Choncho aliyense anamanga mpanda wa njerwa wotalika kuposa munthu, pamwamba n'kuikapo mabotolo osweka, ena waya wa magetsi. M'mawindo anaikamo zitsulo, pa zitseko maloko awiriawiri. Polowera m'deralo anaikapo chitsulo chotchinga msewu, ndi mlonda wosunga kiyi wake. Ine anthu amenewa ndimawakonda, koma ndinene chilungamo: ankadziwana ndi mahutala a galimoto basi. Munthu ankatha kukhala zaka zambirimbiri osadziwa ngati mnansi wake ndi wamtali kapena wamfupi.

M'deramo munkakhala Mayi Likongwe, mayi wamasiye amene anapuma pa ntchito ya uphunzitsi. Ankakhala okhaokha m'nyumba yomwe anamanga ndi malemu amuna awo, ndipo ankadwala shuga. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Lonjezo, ankagwira ntchito ku Joni, ndipo nthawi zonse akaimba foni nyimbo yake inali imodzi: "Amayi, bwerani kuno tizikhala limodzi." Mayiwo ankakana kwamtuwagalu. Ankati mitengo yonse ya pabwalo anadzala ndi amuna awo, nanga akachoka adzaithirira ndani? M'mawa uliwonse ankatenga tsache n'kumasesa bwalo lawo uku akuimba nyimbo za kutchalitchi. Mawu awo sanali okoma kwenikweni, koma ankamveka patali.

Mpanda wawo unali ndi anansi atatu, ndipo onse atatu anali atayambanapo nawo.

Kumanzere kunali Mayi Chatsika, mayi wa makutu aatali. M'tsinde mwa mpanda ankasungamo ndowa yovundikira, yoti azikwerapo akafuna kuona za kwa anzawo. Ankadziwa amene wagula firiji, amene walandira alendo, ngakhale amene wagona ndi njala chifukwa cha ndewu. Tsiku lina Mayi Likongwe anakweza maso n'kuona duku likusuzumira pamwamba pa mpanda, ndipo anangoti, "Amayi, kwathu ndowa timatungira madzi." Duku lija linatsika, koma ndowa sinachoke.

Kumbuyo kunali Che Asedi, wowotcherera zitsulo. Theka la mageti a m'deralo linatuluka m'manja mwawo, ndipo zitsulo za m'mawindo a Mayi Likongwe anawotcherera ndi iwo omwe, n'kudzitama kuti ngakhale mbava zibwere ndi sowo zidzatopa zokha. Vuto lawo linali phokoso. Ankagwirira ntchito pakhomo, ndipo nyundo yawo inkayamba kulira nthawi yomweyo imene Mayi Likongwe afuna kugonako masana. Mayiwo anakawanenera kangapo ku komiti ya chitetezo ya m'deralo.

Kumanja kunali Bambo Nkhonjera, wapampando wa komitiyo. Amenewa ndiye anali munthu wa malamulo. Chitsulo chotchinga msewu chija anachiganiza ndi iwo, ndipo analamula kuti chizikhala chokhoma nthawi zonse, kaya kudutse bishopu. Anali ndi galimoto yatsopano yomwe mipando yake inali ikadali m'mapepala, ndipo ngakhale akazi awo sankaloledwa kudyeramo mtedza. Mkangano wawo ndi Mayi Likongwe unali wa mtengo wa mapeyala, umene nthambi zake zinkagwetsera masamba pomwe iwo ankaimika galimotoyo.

Tsiku lina m'mawa, Mayi Likongwe anamwa mankhwala awo asanadye kanthu. Akupita kukhitchini anamva chizungulire, anagwa, namenyetsa mutu pa tebulo. Anagona pansi pomwepo, magazi akutuluka, zitseko zonse zili zokhoma, makiyi ali m'kati. Mpanda umene unamangidwa kuti mbava zisalowe tsopano unali kugwira ntchito yake bwino lomwe: panalibe aliyense wotha kulowa.

Mayi Chatsika anali akuchapa kuseri kwa nyumba yawo. Anamva kuti china chake chikusowa, koma sanadziwe msanga kuti n'chiyani. Kenako anazindikira: tsache silinalire, nyimbo sinamveke. Anakwera pa ndowa yawo. Masamba anali mbwee pabwalo, makatani otseka. Anaitana, zii. Anaimba foni, n'kuimva ikulira m'nyumbamo popanda woyankha. Amuna awo anati, "Tsikanitu apo, mudzatichititsa manyazi. Za eni n'za eni." Iwo sanamve. Anathamangira kumsewu, chitenje chili m'manja, n'kuyamba kugogoda mageti. Ena anangosuzumira pa kabowo ka geti n'kubwerera. Wina anati mwina apita kumapemphero, wina anawauza m'maso muli gwa kuti asiye miseche. Iwo ananyamula chipongwe chonsecho n'kumapitabe, mpaka anawatulutsa Che Asedi ndi Bambo Nkhonjera m'nyumba zawo. "Mukapeza kuti ndanama mudzandiseke chaka chonse," anatero, "koma tsache la amayi aja silinalire lero."

Che Asedi anatsamiritsa makwerero pa mpanda wakumbuyo, anayala chiguduli pa mabotolo osweka, n'kudumphira m'kati. Potera anabinya phazi. Anatsimphina mpaka pawindo, ndipo pa mpata wa katani anaona mapazi a munthu ali pansi. Magetsi anali atazima, choncho makina awo odulira zitsulo anali opanda ntchito. Anapempha kuti awaponyere sowo ndi mgwala, n'kuyamba kulimbana ndi zitsulo zomwe anawotcherera okha. Aa, zitsulo zija zinalidi zolimba, sananame. Anacheka mpaka manja anatuluka matuza, matuza anaphulika, thukuta lili kamukamu. Amene anali kunja ankangomva munthu akung'ung'udza kuti, "Asedi, Asedi, unalimbitsiranji chonchi?" Pomaliza chitsulo chimodzi chinaduka, china anachipinda ndi mgwala, nadzipanikiza pa mpatawo mpaka malaya anang'ambika kumsana. Anawapeza Mayi Likongwe akupuma mofooka. Anafunafuna makiyi, natsekula zitseko ndi geti.

Bambo Nkhonjera anali ataimika kale galimoto yawo pageti. Anawanyamula mayiwo m'manja mwawo n'kuwagoneka kumpando wakumbuyo, mutu uli pa miyendo ya Mayi Chatsika. Magazi anayenderera pa mpando watsopano uja, koma mwini wake sanayang'aneko n'komwe. Atafika potulukira m'deralo anapeza chitsulo chija chili chokhoma, monga mwa lamulo lawo, mlonda atapita kukagula chakudya kiyi ali m'thumba. Analiza hutala, osaoneka munthu. Anacheuka n'kuona milomo ya Mayi Likongwe itayamba kuuma. Apo wapampando anabweza galimoto m'mbuyo pang'ono, anatsinzina, n'kuchiomba chitsulo chawo chomwe. Chitsulo chinathyoka, nyali za galimoto zinasweka, galasi lakutsogolo linang'aluka, iwo osaima. Kuchipatala namwino anafunsa kuti, "Wodwalayu ndi ndani wanu?" Bambo Nkhonjera, amene m'mbuyo monsemu sanalankhulepo ndi mayiwo nkhani ina koma ya masamba a mapeyala, anayankha kuti, "Ndi alongo anga." Ndipo anakhaladi pa benchi ya chipatala monga mlongo, kuthamangira mankhwala ndi kubweretsa phala, mpaka Lonjezo atafika.

Adokotala ananena kuti akanachedwa pang'ono pokha, bwenzi nkhani ili ya maliro.

Mayi Likongwe atachira n'kubwerera kunyumba, Lonjezo anayendera anansi atatuwo mmodzimmodzi, kugwada ndi kuthokoza, misozi ili m'maso. Kenako anakhala pansi ndi mayi ake.

"Amayi, ulendo uno sindikupemphanso. Longedzani, tikupita ku Joni. Sindingagone tulo inu muli nokha m'ndende muno."

"Ndendeyi anamanga ndi bambo ako," anatero mayiwo. "Ine ku Joni ndikasesa bwalo la ndani? Ndikafera pawindo ngati mbalame ya m'khola. Ndisiye pano."

Anakangana mpaka tiyi anazizira. Lonjezo ankawakonda mayi ake, ndipo ankadziwa kuti kuwazula pamenepo kunali kuwapha pang'onopang'ono. Pomaliza anati, "Chabwino, mutsala. Koma tiboole mpandawu, tiikepo kakhomo kolowera kwa mnansi mmodzi. Ameneyo akhale ndi kiyi wa nyumba ino, azilowa m'mawa ndi madzulo osagogoda. Mukakana zimenezi, tikwera basi limodzi."

"Bwanji osaboola mbali zonse zitatu?" anafunsa mayiwo.

"Mpanda wa makomo atatu si mpandanso amayi, ndi msika. Ndiponso udindo ukakhala wa anthu atatu, aliyense amaganiza kuti mnzake wapitako kale. Ine ndikufuna munthu mmodzi, woti ndikamuimbira andiuze kuti wakuonani ndi maso ake. Musankhe nokha, ndisanabwerere."

Mayi Likongwe ankaganiza kuti anansiwo akana, poti kusamala nkhalamba yodwala ndi mtolo, si mphatso. Koma nkhani itamveka, onse atatu anabwera tsiku limodzi, n'kukhala pakhonde, aliyense akufuna khomolo. Kunena zoona, zinali zomvetsa chisoni ndi zoseketsa pamodzi: anthu amene kale sankapatsana ndi moni womwe, lero akulimbirana mtolo ngati ana olimbirana chiwindi cha nkhuku.

Mayi Chatsika ndiwo anayamba. "Achemwali, ine ndilibe sowo, ndilibe galimoto. Koma pakanapanda makutu angawa, abambo awiriwa bwenzi akumwa tiyi kwawo inu mukuzizira pansi. Munthu sapulumutsa amene sakudziwa kuti wagwa. Ndipo ine ndimakhala pakhomo tsiku lonse. Ndipatseni khomo, ndowa ija ipume."

Che Asedi anatambasula manja awo, mabala asanapole bwino. "Mama, kumva anamvadi, sindikukana. Koma kumva sikutsekula chitseko. Anthu akanaima kunja kwa mpanda n'kumalira mpaka dzuwa kulowa. Ine ndinalowa pomwe panalibe polowera. Zitsulo zija zinatsala pang'ono kukuphani, ndipo ndine ndinaziika. Mtima wanga sunakhazikikebe. Ndiloleni ndikupangireni ndekha kachitseko kameneko, koti kazitseguka mosavuta."

Bambo Nkhonjera anakonza kukhosi monga amachitira pa msonkhano, koma mawu anatuluka aang'ono. "Alongo, awa anamva, awa anatsekula, zonse n'zoona. Koma munthu wotulutsidwa m'nyumba n'kugonekedwa pabwalo sanachire ayi. Anafunika kufika kwa adokotala, ndipo anafika. Ine kuchipatala kuja ndinanena pamaso pa anthu kuti ndinu alongo anga, ndipo sindikufuna kuti likhale bodza. Za mapeyala zija tiiwale. Masambawo ndizisesa ndekha."

Mayi Likongwe anawayang'ana onse atatu, ndipo mtima wawo unadzaza ndi chikondi ndi mantha omwe. Ankawadziwa bwino anthu amenewa. Akapereka khomo kwa Mayi Chatsika, sadzagwanso osaonedwa, koma dera lonse lizidziwa ndiwo zomwe adya ndi zomwe Lonjezo wanena pafoni. Akapereka kwa Che Asedi, adzakhala ndi munthu wa mphamvu ndi wa mtima wofewa, koma amene nthawi zina amachoka m'mamawa kukaika mageti kutali, ndipo akakhala pakhomo nyundo yake imatseka makutu ake omwe. Akapereka kwa Bambo Nkhonjera, galimoto idzakhala pafupi, koma ndi malamulo omwe: shuga m'tiyi ayi, kukwera pampando kuthyola mapeyala ayi, ndipo iwo anali atakula moti sakanatha kubwereranso ku sukulu. Choposa zonse, ankadziwa kuti akasankha mmodzi, awiri otsalawo adzamwetulira n'kunena kuti zili bwino, koma m'kati adzapwetekedwa. Anthu amenewa anali atangophunzira kumene kuti mnzako akapsa ndevu m'zimire, ndipo mayiwo ankaopa kuwabwezera kuseri kwa mipanda yawo.

Anapempha kuti aganize kaye. Anaganiza, anapemphera, anaganizanso, yankho osabwera. Tsiku loti Lonjezo anyamuke linafika. Mmisiri womanga anabwera ndi nyundo yake n'kuima pakati pa bwalo, kudikira kuti amulozere mbali yoti aboole. Chikwama cha Lonjezo chinali pakhonde, ndipo pambali pake anaikapo china chopanda kanthu, cha mayi ake, kuti akalephera kusankha alongedze. Kumanzere, kumbuyo ndi kumanja, anthu atatu anali kuseri kwa njerwa, aliyense akumvetsera komwe nyundo iyambire kulira.

Ine nkhaniyi ndaisenza mpaka pano, ndipo ndaitula pamaso panu, poti mutu umodzi susenza denga. Wina anamva, wina analowa, wina anathamangira nawo kuchipatala, ndipo pakanasowa mmodzi mwa iwo Mayi Likongwe bwenzi kulibe. Tsono inu mukanakhala mayi amenewa, mmisiri akukuyang'anani, mwana wanu akuyang'ana wotchi, mukanaloza mbali iti kuti khomo libooledwe: kwa Mayi Chatsika, kwa Che Asedi, kapena kwa Bambo Nkhonjera?