Foni ya Maso Anayi

Chaka chimene chiswe chinalowa m'nkhokwe ya Gologolo, mwini wake anazindikira mochedwa. Atati atapeko mtedza anapeza makoko okhaokha, chikhalirecho zokolola zinali kutali. Njala inayamba kumuyang'ana m'maso.

Ntchito yake inali yotchaja mafoni patsinde pa mkuyu ndi kasola kamodzi. Foni ikabwera ankaivula kava n'kumata kumsana kwake kapepala ka dzina la mwini, kuti mafoni asasokonekere. Malipiro ake nthawi zambiri anali "zikomo mphwanga", ndipo m'mimba mwa Gologolo simunkamva mawu amenewo.

Mwa obwera kudzatchaja munali akuluakulu atatu: a Njati a chimanga chambiri, mayi Mvuu a dimba la mpunga, ndi a Nguluwe okumba mtedza. Mafoni awo anali ofanana ndendende, poti anagula tsiku limodzi kwa wamalonda mmodzi.

Tsiku lina a Njati atabwera, Gologolo anaitembenuza foniyo n'kupukusa mutu.

"Bwana, pepani ndifunse. Mukamaitulutsa iyi pagulu, anthu saseka?"

"Aseke chiyani? Imayimba bwinobwino."

"Kuyimba ngakhale ya Fulu imayimba. Koma taonani, kamera yake ndi ya diso limodzi. Kutauni zafika za maso awiri. Mayi Mvuu aitanitsa kale yawo."

"Mvuu? Andipose Mvuu?" A Njati anafwenthera. "Ukufuna chiyani?"

"Dengu la chimanga, n'kusiya yakaleyi. Mubwere mawa."

Mayi Mvuu anauzidwa kuti a Nguluwe aitanitsa kale. A Nguluwe anauzidwa za a Njati. Pofika masana mafoni onse atatu anali m'manja mwa Gologolo. Anafufuta zithunzi, anasinthanitsa masimukhadi, anaveka mafoniwo makava atsopano, ndipo pa kava iliyonse anamatapo batani lakuda la malaya ake ndi ulimbo, kuti lioneke ngati diso lachiwiri la kamera. Ya a Njati inapita kwa mayi Mvuu, ya mayi Mvuu kwa a Nguluwe, ya a Nguluwe kwa a Njati. Timapepala tatsopano anangomata pamwamba pa takale. Kuchotsa kunamulaka ndi ulesi.

"Eee, koma iyi nde foni!" anatero a Njati m'mawa mwake. "Ndi yopepuka."

"Mawu ake akumveka ngati munthu ali pompano," anatero mayi Mvuu.

Gologolo anangoti, "Zinthu zikupita patsogolo, mayi," uku akukoka madengu.

Pakanakhala nzeru, akanalekera pomwepo, chifukwa nkhokwe inafika pakati. Koma patangotha mwezi anayambanso.

"A Nguluwe, za maso awiri zatha fasho. Zafika za maso atatu."

"Lachitatulo limatani?"

"Limajambula chimene mukufuna kujambula musanachiganize."

"Ndisungire, mphwanga. Usawauze anzangawo."

Mafoni anazunguliranso, mabatani anawonjezeka, nkhokwe inadzaza mpaka kukamwa. Mabatani a malaya a Gologolo anayamba kutha. Atalengeza za maso anayi, a Njati anayamba akanda mutu.

"Iwe Gologolo, zithunzi zanga bwanji zikuoneka chimodzimodzi ndi kale?"

"Ndiye luso lakelo, bwana. Foni yapamwamba sionetsa kuti ikulimbikira."

A Njati anagwedeza mutu ngati amva, n'kubweretsa dengu lina. Ulendo wachitatuwu foni iliyonse inabwerera kwa mwini wake weniweni, ndipo palibe anaizindikira. Malaya a Gologolo anatsala ndi batani limodzi. A Njati anafika poinyoza foni yawo yoyamba ija kuti inali chiphakasa, akuisisita yomweyo.

Kenaka kunagwa ukwati wa mwana wa a Nguluwe. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Akuluakulu atatu aja anaima kutsogolo, mafoni m'mwamba, aliyense akuonetsetsa kuti khamu laona maso anayiwo. Gologolo anali pambali akumwa thobwa ndi kudya mandasi, mtima uli m'malo.

Ulimbo ndi dzuwa sizigwirizana. Diso limodzi la foni ya a Njati linayamba kutsetsereka pang'onopang'ono, mpaka linagwera m'mbale ya mkwatibwi, kuti tapu! Mkwatibwi analitola.

"Malume, batani lanu lagwa."

A Njati anavula kava ija. Kumsana kunali mulu wa timapepala. Kapamwamba kanati "Njati". Anakamatula. Kapansi pake, "Nguluwe". Anamatulanso: "Mvuu". Kotsiriza, kakuda ndi litsiro, kokhala ndi dontho la ndiwo limene iwo eni ankalidziwa bwino, kanati "Njati".

"Iyi ndi foni yanga yakale!"

"Ndipo ikugwira ntchito, bwana, si choncho?" anatero Gologolo akubwerera chambuyo. "Munadandaulapo liti? Munati ndi yopepuka!"

Mayi Mvuu anatsegula kukamwa konse. Gologolo sanadikire kuti amve chimene ankafuna kunena. Anadumpha pa benchi, pamutu pa mkwati, pa denga la chisakasa, mpaka pansonga pa mkuyu. Koma nkhokwe sikwera mumtengo. Ali pamwambapo anaona ndi maso ake madengu akutuluka limodzilimodzi, chimanga, mpunga, mtedza, zonse zikupita kukadyetsa anthu a ukwati. Zinamuwawa kwambiri, moti analira misozi yeniyeni, koyamba chibadwire.

Kutacha anatsika, m'mimba mukulira. Anakhala pafupi ndi kasola kake akusesa makoko, poganiza kuti mwina mwatsala kanjere. Ndiye anamva tchire likuswanyika. Anali a Nguluwe, akuyenda monyang'ama, akucheukacheuka, kumsana atabereka kathumba ka mtedza.

Gologolo anagwira nthambi kuti athawe.

"Khala pansi, mphwanga," ananong'ona a Nguluwe. "Zadzulo zija n'zadzulo. Watipusitsa, inde. Koma tandiuza zoona, poti iwe umamva za kutauni. Akuti kwatuluka ya maso asanu?"

Gologolo anayang'ana kathumbako. Anayang'ana a Nguluwe. Kenaka dzanja lake linatsikira pachifuwa, pamene panatsala batani lomaliza lija.

"Yatsala imodzi yokha, bwana," anatero. "Koma imeneyi musamaiyendetse padzuwa."