Bwana Chimphonda pa Shelefu ya Omwalira

Boma litalamula kuti antchito ake achepetsedwe, bwana Chimphonda, mkulu wa ofesi ina ku likulu, anachotsa anthu makumi asanu sabata imodzi. Kenako anaitana mayi Nankhoma, osunga mafayilo a antchito.

"Mayi, ntchito yanuyi angaigwire aliyense. Lachisanu musiye makiyi."

"Ndamva, bwana. Nanga anthu amene mafayilo awo ali pa shelefu ya omwalira, koma maina awo akadali pa ntchito, titani nawo?"

"Imeneyo ndi mizukwa. Wopezeka pamenepo achotsedwe tsiku lomwelo, osamva zonena zake."

"Mundilembere, bwana. Mutu wanga wakalamba."

Bwana analemba kalata, nasaina, nadinda. Lachisanu mayi anakonza mashelefu bwinobwino, napereka makiyi atagwada.

Lolemba kunabwera ofufuza a boma odzaona mafayilo, kalata ija ili m'manja. Pa shelefu ya omwalira, pakati pa madalaivala awiri, anapeza fayilo ya Chimphonda.

"Koma ndili pano, simukundiona?" anatero bwana.

"Tikukuonani, koma munalemba nokha kuti tisamve zonena zanu," anayankha wofufuza wina. "Ndipo wololedwa kusuntha fayilo ndi wosunga mafayilo yekha. Ali kuti?"

Masana omwewo Chimphonda anawapeza mayi Nankhoma akugulitsa tomato pakhomo pawo, nawapatsa ndi manja awiri kalata yowabwezera ntchito.

Mayi anaiwerenga mosafulumira, naipinda.

"Ndidzakuukitsani mawa, bwana. Lero chezani kaye ndi madalaivalawo. Ali moyo ankadandaula kuti simunkawayankha moni."