Galu wa Mkamwini ndi Katumba ka Apongozi

Kalekale, mphwanga, agalu asanadziwe kukoma kwa mwendo wa munthu, galu ankayankhula ngati ine ndi iwe. Mano anali nawo, inde, koma anali a mafupa basi. Khala pansi umve, iwe amene ukufuna kukakwatira m'mudzi mwa eni ndi kagalu kako ka nthitiko.

Panali mnyamata, dzina lake Kapalamula. Anakwatira mtsikana wotchedwa Mwatitha, n'kupita kukakhala chikamwini kwawo kwa mkaziyo. Chuma chimene anapita nacho ndi khasu, mphasa ndi galu. Galuyo dzina lake Ndingopenya.

Apongozi ake, a Nankhoma, anali ndi pakamwa. Koma mwambo ndi mwambo. Mpongozi ndi mkamwini sayang'anana m'maso, ndipo akakumana panjira wina amapatukira kutchire. Ndiye a Nankhoma akafuna kunena mkamwini, ankauza nkhuku.

"Tambala iwe, choka apa! Kudya kokha, kulima ayi!"

Kapalamula anamva. Mkamwini sayankha. Anangonyamula khasu, ulendo kudimba, n'kukauza galu.

"Wamva, Ndingopenya? Akuti ndine tambala."

"Ndamva, mbuyanga," anatero galu.

Tsiku lina anafolera nkhokwe ya apongozi. Mvula itagwa, a Nankhoma anauzanso nkhuku.

"Tambala winawe, kufolera kwake ngati chisa cha njiwa!"

Mkamwini sayankha. Khasu paphewa, ulendo kudimba.

"Wamva, Ndingopenya? Mayi aja andiyenda pamutu."

"Ndamva, mbuyanga."

Kenaka anapita kosaka, ndipo galu anagwira gwape wonona. Kapalamula analowa m'mudzi nyama ili paphewa, akufuula kuti aliyense amve: "Galu wanga! Galu wangayu ndi mwamuna!" A Nankhoma analandira gwape uja n'kugawa. Mwendo kwa alongo awo. Chiwindi kwa iwo eni. Mkamwini anamutumizira ziboda m'kambale.

Apa ndiye mtima unamuwawa zedi. Atafika kudimba anakhala pamzere n'kugwira galu kukamwa.

"Ndikanakhala ndi mano ngati akowa, katumba ka mayi aja ndikanakalawa."

Galu anaimika makutu. "Ndamva, mbuyanga."

Kapalamula anangonena kuti mtima uphwe. Koma galu sadziwa zoti pali mawu ongotaya. Kwa iye, chimene wanena mbuyake ndi ntchito.

M'mawa mwake a Nankhoma akuchokera kuchitsime, mtsuko uli pamutu. Ndingopenya pambuyo, nyang'anyang'a. Pakatumba, lumu! Mtsuko pansi, phwa!

"Mayo ine! Ndafa ine, anthuni!"

Mudzi wonse unathamangira komweko. Chinthu chotere chinali chisanaonekepo.

Mlandu anauitanitsa ndi a Msinja, alongo awo a Nankhoma, mwini mbumba. Anthu anakhala pansi. Wolumidwa anakhala chofulatira mkamwini, mwendo atautambalitsa kuti aliyense auone.

"Akamwini," anatero a Msinja, "mlongo wanga akuti muyalule mphasa yanu muzipita kwanu. Galuyu ndi wanu?"

Nthawi imeneyo n'kuti Mwatitha ali woyembekezera, masiku atayandikira. Kapalamula ankamukonda mkazi wakeyo. Anamuyang'ana, n'kuona misozi, ndipo mantha anamugwira. Mantha amapusitsa, mphwanga.

"Galu ameneyu sindimudziwa ine," anatero. "Ndi wongoyendayenda."

Akunena choncho, galu ali gone pamapazi ake, mchira ukusesa pansi.

"Ngati alibe mwini, tengani chibonga," anatero a Msinja.

Galu anadzuka. Anayang'ana mbuyake, mbuyake n'kuyang'ana kumbali.

"Akuluakulu," anatero galu, "mano ndi anga, koma mawu ndi a mbuyanga."

Basi anayamba kukhuthula. Za tambala ananena. Za nkhokwe ananena. Za ziboda ndi katumba ananena, osasiyako n'limodzi lomwe. Anthu anagwira pakamwa, ena anagwa nako kuseka. A Nankhoma nawo anayamba kukonzakonza mpango umene unali wokonzeka kale, poti za nkhuku zija zinali zafika pabwalo.

A Msinja anapukuta misozi ya phwete. "Akamwini, dzana lija munalowa m'mudzi ndi gwape. Munkafuula kuti chiyani?"

Kapalamula anayankhira pansi. "Galu wanga."

"Kwezani mawu, makutu angawa ndi akale."

"Galu wanga."

"Eya. Akagwira gwape ndi wanu. Akagwira katumba ndi wongoyendayenda? Wodya nyama ya galu adyenso mlandu wa galu. Sankhani nokha. Mukakana galu, mwakana balali, ndipo njira ya kwanu ndi iyo. Mukavomera galu, balali ndi lanu. Mankhwala mukakumbe ndinu. Madzi a apongozi anu mutunge ndinu. Munda wawo mulime ndinu, mpaka mwendo upole."

Kapalamula anayang'ananso Mwatitha. Anagwada.

"Galu ndi wanga. Bala ndi langa."

Koma galu anali atakhumudwa kale. "Mwandikana pagulu, mbuyanga. Ine ndi anthu sitidzayankhulananso." Mawu ake otsiriza anali amenewo. Kuyambira pamenepo n'kungouwa.

Ndiye ukanamuona Kapalamula, mwamuna wa ndevu zake, mtsuko pamutu, ali pamzere ndi amayi kuchitsime! Madzi ankamutayikira m'khosi n'kutha asanafike kunyumba. Atsikana ankamufunsa ngati akufuna kuti amubwereke nkhata. Iye ankangobwereranso kukatunga.

Balalo linali la mano anayi okha, koma linapola mwaulesi. Mkamwini akamadutsa, a Nankhoma ankatsimphina mpaka kugwira chipupa. Iye akapita kudimba, mayiwo ankasinja chimanga ataimirira bwinobwino. Anapalira mkamwini. Anabandira mkamwini. Mwendo osapola.

Tsiku lina masana Mwatitha anamva kupweteka. Nthawi yake inakwana. Azamba anali kutsidya kwa dambo, ndipo pakhomo panalibe wina womutuma. Kapalamula ali kudimba anangoona munthu akudutsa ngati mphepo, chitenje atakwinyira m'maondo, akulumpha mizere iwiriiwiri. Anayang'anitsitsa. A Nankhoma!

Anaona ndithu ndi maso ake. Galu naye anaona, n'kuimika makutu, kudikira kuti mbuyake anenepo kanthu. Kapalamula anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Anaweramira khasu lake akumwetulira. Madzulo ake anamuitana kuti akaone mwana, ndipo za kuyalula mphasa palibe anazitchulanso.

Ndiye chake, mphwanga, galu akaluma munthu sitifunsa galu. Timafunsa kuti, "Galuyu ngwa yani?" Galu amanunkhiza zimene zili mumtima mwa mbuyake. Amene iwe umamuyang'ana ndi diso lofiira, iye amamuyang'ana ndi mano. Ukamuweta, wawetanso milandu yake. Tsono kagalu kakoko ukakamange bwino, ndipo apongozi ako akakakupatsa ziboda, udye, uthokoze, zotsalazo ukabwere udzandiuze ine. Ine mano anandithera kale.

Yanga nthano yathera pomwepa.