Lendi ya Chitseko cha Kumapeto

A Chikadza, eni mdadada wa nyumba ku Chilomoni, anabwera ndi akazi awo kudzakweza lendi.

"Mwakhalitsa pa mtengo wakale," anauza anthu okhala m'nyumbazo. "Wosafuna asamuke."

Mayi Nazimbiri, amene anakalambira pamdadadapo, anawomba m'manja mwaulemu. "Tavomera, bambo. Ife tizilipira mofanana ndi mtsikana munamulowetsa kuchitseko cha kumapeto uja, amene mumakamuzonda madzulo aliwonse. Kodi iyeyo amapereka zingati?"

"Kumapetoko si munati mukusungirako simenti?" anafunsa akazi awo a Chikadza, manja ali m'chiuno.

A Chikadza anatsokomola, thukuta lili kamukamu. "Lendi ikhale yakale yomweyo. Basi, balalikani!"

"Asabalalike," anatero akazi awo. "Tiyeni tonse tikaione simentiyo."