Mazira Amene Ng'azi Anadikira

Kalekale, ana inu ndi akulu omwe, ku dambo lina la bango kunali Ng'azi wosusuka. Dzira lililonse limene waliona, kwa iye linali ndiwo.

Mvula yoyamba itagwa, Timba anaikira mazira ake m'bangomo. Masiku omwewo kunafika kambalame kachilendo, kowonda, nthenga zokhazokha. Timba anakalandira, nakapatsa bango logonapo. Dzina lake palibe ankalidziwa, ankangokatchula Kamlendo.

Posakhalitsa Ng'azi uja anatulukira, khwasa khwasa, lilime lili panja.

"Odi kuno. Ndamva fungo la mazira."

Timba anafungatira mazira ake pachisa. Koma Kamlendo kanatera pafupi ndi mphuno ya Ng'azi.

"Bambo Ng'azi, wamkulu ngati inu mungakhute timazira ta Timba? Dikirani ine ndinenepe. Mazira onse amene ndidzaikire m'dambo muno ndi anu. Koma kwathu kuli mwambo: ndikamva fungo la dzira pakamwa pa wina, anga amabwerera m'mimba."

Ng'azi anakayang'ana. Kotuwa ngati Timba, kakang'ono ngati Timba. Mumtima anati ameneyu ndi m'bale wake wa Timba basi, chisa chake chili pompano. Kamzere koyera pamwamba pa diso sanakaone, mapiko aataliwo sanawaone. Dyera lilibe maso, ana inu.

Ndiye Ng'azi anasala mazira. Tsiku lililonse ankakumba chulu, fuku fuku, kufukulira Kamlendo chiswe. Kamlendo jompho jompho, kenako kuimba nyimbo zimene m'dambomo sizinamvekepo. Kamimba kake kanayamba kutukumuka, Ng'azi malovu chuchuchu.

"Lero kodi?"

"Sanakhwime, bambo. Onjezerani chiswe."

Fuku fuku, jompho jompho. Kamlendo kunenepa, Ng'azi nthiti kuonekera. Mazira a Timba anaswa, ana anamera nthenga, mpaka kuphunzira kuuluka pamutu pa Ng'azi penipeni. Iye ankangomeza mate, kudikira zazikulu.

Chimanga chitayamba kuuma m'minda, Ng'azi analawirira ku bango lija. Anapeza kuli zii.

"Iwe Timba, chisa cha m'bale wako chili kuti?"

"M'bale wanga uti, bambo? Uja wapita kwawo, kutsidya kwa nyanja yamchere. Amabwera ndi mvula, amapita ndi mvula. Kuno amadzadya, mazira amakaikira kwawo."

Ng'azi anangoti kukamwa yasa.

"Nanga mimba ija?"

"Mafuta aja? Ndi kamba wa paulendo. Mwamunyamulitsa ndinu, ndi zikhadabo zanu. Dzinja lonse lino, munamuonapo atanyamula ngakhale kaudzu kamodzi komangira chisa?"

Ng'azi anaganiza, anaganiza. Sanamuonepo. Anatembenukira kuchisa cha Timba kuti alipsire pomwepo, koma munali makoko okhaokha, ana onse ali pamwamba pa bango kumusuzumira.

Anakwawa mpaka pathanthwe, nadzutsa mutu kuyang'ana kumpoto, kudabwa kuti kanthu kochepa chotero kamulimitsa ganyu wopanda malipiro. Mukamuona lero ali pamwala, khosi lili m'mwamba, musati akuwotha dzuwa. Akadali kudikira mazira.

Mlendo ndi mame, ana inu. Akakulonjezani mazira, yambani mwaona ngati watola udzu. Nthano yanga yatera pa bango limenelo, yapinda mapiko.