Tsitsi la Nasimango ndi Mbewu Yofiira

Kalekale, m'mudzi wina wa kuseri kwa mapiri, munali mayi wamasiye dzina lake Nasimango. Khalani bwino ana inu, ndipo amene akutokosa motoyo aleke, phulusa likundilowa m'maso. Nthano iyi ndikamaikamba mtima umanditentha, ndiye musandiwonjezere.

Nasimango anali ndi munda umodzi, mbuzi imodzi, ndi mwana mmodzi wamkazi, Lekeleni. Kamwana ka zaka zisanu, kosekaseka, kosachoka kumbuyo kwa mayi ake.

Pamphambano ya misewu panali sitolo. Sindikunena kagolosale ayi, chisitolo! Mwini wake anali Kamzimbi. Mchere, kwa Kamzimbi. Sopo, kwa Kamzimbi. Makasu, nsalu, singano, kwa Kamzimbi. Timagolosale tonse anali atatimeza kalekale, moti midzi makumi anayi inkagula kwa iye yekha.

Chaka china, mvula ili pafupi, Kamzimbi anabweretsa mbewu ya chimanga yofiira kuti psu!

"Bwerani, bwerani!" ankafuula pakhonde. "Mbewu yamakono! Phesi limodzi, chimanga chiwirichiwiri! Kufiiraku ndi mankhwala, chiswe sichiyandikira. Koma samalani ana asalawe, ndi poizoni!"

Anthu anathamangira. Nasimango anagulitsa mbuzi yake ija n'kugula. Mbewu yamakolo imene ankaipachika pautsi anaitsitsa, anaisinja, anadya. Yantchito yanji, pamene yamakono ili m'thumba? Midzi yonse inachita chimodzimodzi.

Mvula inagwa. Anabzala. Anadikira, zii. Sabata inatha, zii. Udzu unamera, chisoso chinamera, bonongwe anamera, koma chimanga ng'o! Paja mlimi aliyense amasungako kambewu kopakizira, kobzala m'mapando amene sanamere. Nasimango anapakiza. Zii.

Anapita kusitolo.

"Bambo Kamzimbi, mbewu yanu sinamere."

"Munazamitsa, mayi."

"Ndabzala chimanga kuyambira ndili mtsikana, bambo."

"Ndiye mbewa zafukula. Ndi mudzi wanu wokha umenewo. Kwina konse chimanga chafika m'chiuno. Ndinu nokha! Chokani, mukutchinga ogula."

Mawa lake kukabwera wa mudzi wina, "Munabzala pamwamba. Ndinu nokha!" Mkuja wina, "Mbewa. Ndinu nokha!" Mitsinje inali yodzaza, midzi sinkayenderana, ndiye mudzi uliwonse unkabwerera ndi manyazi, poganiza kuti tsoka ndi lawo lokha. Mukumuona munthuyu? Ine ndikanakhalapo ndikanamuswa ndi ndodo yangayi.

Njala inalowa. Anthu anadya gaga, gaga anatha. Anadya mizu.

Tsiku lina Nasimango akuchokera kofuna ndiwo anapeza Lekeleni atakhala pakhomo, milomo ili psu, kathumba ka mbewu yotsala kali pamiyendo.

"Mayo ine! Mwana wanga wadya poizoni! Lavula! Lavula!"

Anamugwedeza, anamupisa chala kukhosi, anakuwa mpaka mudzi wonse unasonkhana. Koma mwanayo amangowayang'ana.

"Amayi, m'mimba simukupweteka ayi. N'chokoma. Chili ngati chophika."

Nasimango anatenga njere imodzi. Anaitsuka, kufiira konse kunachoka. Anaiyang'ana, ili ndi bowo la nankafumbwe. Analuma. Chophikadi! Pamenepo anazindikira zonse. Kamzimbi anatenga chimanga chakale chofumbwa, anachiwiritsa kuti anankafumbwe afe, anachiyanika, n'kuchipaka utoto. Tandiuzani ana inu, chimanga chophika chinamerapo? Ngakhale mutachithirira ndi misozi!

Mbewuyo sinamuphe Lekeleni. Chimene chinamupha ndi njala, mwezi wa Febuluwale, ali pamsana pa mayi ake.

Anamuika. Tsono mukudziwa mwambo wathu, maliro akatha abale amameta tsitsi, kuti chisoni chichoke pakhomo ndipo mzimu wa womwalira upite ukagone. Tsiku lometa linafika. Mlongo wake wa Nasimango, Sandikonda, amene anali mwini mbumba, anabwera ndi lumo. Onse anameta. Nasimango anagwira mutu wake ndi manja awiri.

"Ine ayi."

"Achemwali, maliro satha osameta. Mzimu wa mwana uzingoyendayenda."

"Uyendeyende, achimwene! Uyende mpaka ukafike pakhonde la Kamzimbi! Lumo silikhudza mutu uno mpaka zitseko za sitolo ija zitatsekeka monga atsekekera maso a mwana wanga."

Sanalire. Ngakhale dontho.

Mitsinje itaphwa, anamanga kathumba ka mbewu kaja pansonga ya chitenje n'kuyamba ulendo. Akafika pamudzi, funso lake linali limodzi.

"Kambewu kopakizira kanatsala?"

"Kanatsala. Tikuopa kutaya, nkhuku zingafe."

"Tsukani njere imodzi. Lumani."

Akaluma, ankayang'anana.

"Kwanunso sichinamere? Si anati ndife tokha!"

"Anatinso ndife tokha. Sungani kambewuko. Tsiku likubwera."

Ndipo ankachoka akuimba:

Kamzimbi, mbewu yako bwanji?
Yagona, yagona!
Kamzimbi, mwana wanga bwanji?
Wagona, wagona!

Vomerani bwino, mwadya inu! Eya, choncho.

Anayenda, anayenda. Mudzi uwu, mudzi uwo. Mapazi anachita ming'alu. Tsitsi linakula, linapotana, linachita fumbi, ana ankathawa akamuona. Koma si onse anamulandira. Ena ankati, "Mlandu ndi munthu wolemera? Mayi inu, mukufuna kutigwetsera m'moto." Ngakhale Sandikonda anamutsatira n'kumukhazika pansi.

"Achemwali, tandimverani. Sitolo ija ikatsekedwa, mchere tizikagula kuti? Nanga anyamata ogwira ntchito m'menemo akadya chiyani? Ndipo mukapambana, anthu ochuluka chonchi, aliyense apeza chiyani? Kandowa kamodzi! Mukuvutitsa dziko lonse chifukwa cha kandowa?"

"Lekeleni kumene aliko sadya mchere, achimwene."

Sandikonda sankanama, ana inu. Mawu ake anali ndi nzeru. Koma nzeru zina n'zimene zimanenepetsa mbava.

Kamzimbi anamva kuti kuli mayi wa chitsitsi amene akusonkhanitsa mbewu yake. Anatumiza ngolo ya matumba asanu a chimanga chabwino mpaka pakhomo la Nasimango.

"Abwana akuti pepani za mwana. Landirani, nkhaniyi ithere pompa," anatero woyendetsa ngoloyo.

"Landirani, achemwali!" anatero Sandikonda, maso ali pamatumba. "Chaka chonse simugona ndi njala!"

Nasimango anazungulira ngolo ija kamodzi.

"Mwana wanga akupempha njere imodzi, matumba awa anali kuti? Anamupha ndi chimanga, lero akufuna kunditseka pakamwa ndi chimanga? Nanga midzi inayo ilibe manda? Bwezani! Mukawauze kuti tikaonana kubwalo."

Mlandu unalowa ku boma mitambo ya mvula ina itayamba kusonkhana. Midzi makumi anayi inabwera. Fumbi lake! Woweruza anali kamunthu kakafupi, kosalankhulalankhula, kobadwira kumudzi ngati ife tomwe. Kamzimbi anafika atavala suti, mimba ili patsogolo, loya wake atanyamula mabuku.

Loya anaimirira.

"Wolemekezeka, uwu si mlandu, ndi nsanje. Chikhamu chonsechi pa munthu mmodzi? Amene ali ndi dandaulo abwere yekha, tsiku lake."

Nasimango anaimirira, tsitsi lili nyankhalala.

"Tinabwera mmodzimmodzi, bwana, ndipo anatinamiza mmodzimmodzi. Aliyense anamuuza kuti ndinu nokha. Lero atiyang'ane. Tili tokha?"

"Ayiii!" linayankha bwalo lonse.

Anayala mphasa pakati. Mudzi woyamba unakhuthula kambewu kake. Wachiwiri unakhuthula. Wachitatu unakhuthula. Khuthu, khuthu, khuthu, mpaka mulu wofiira unafika m'mawondo. Utoto wake umodzimodzi, timatumba take ta chizindikiro cha sitolo ya Kamzimbi.

Kenako Nasimango anatapa dzanja lodzaza n'kuponya m'kamwa. Kukutu, kukutu, kukutu! Loya anagwetsa mabuku.

"Munati ndi poizoni, bambo Kamzimbi. Ndafa? Chimanga chophika ichi! Chofumbwa, chopaka utoto!"

Apa munthu wanzeru akanagwada n'kupepesa. Koma Kamzimbi anali asanagwadirepo munthu chibadwire. Loya akumukoka jekete kuti akhale chete, iye anadzuka, nkhope ili thukuta lokhalokha.

"Bodza! Mbewu yanga ndi yabwino! Anthu awa ndi mbuli, sadziwa kubzala! Nditabzala ine ndi manja angawa, masiku asanu ndi awiri yamera!"

Hede! Lilime lilibe fupa.

Woweruza anakanda kumutu pang'ono.

"Mwanena nokha, bambo. Ine sindikutsutsani. Chimanga chimene chili m'nyumba zanu zosungira chigawidwe kwa anthu awa, khomo ndi khomo. Mulu wofiirawu ndi wanu. Mukaubzale nokha, ndi manja anuwo, pabwalo la sitolo yanu. Zitseko zitsekedwe lero. Tsiku limene mbewuyi idzamere, mudzatsekule."

Nthungululu zake zinamveka mpaka kuseri kwa mapiri.

Mvula inagwa. Kamzimbi anavula suti n'kugwira khasu, khasu la m'sitolo yake yomwe. Manja ake ofewa ngati a khanda anachita matuza mzere woyamba usanathe. Anthu anabwera ndi mipando, ena ndi mikeka, anakhala mozungulira ngati kuli gule. Iye akaponya njere, iwo ankamuthandiza.

"Mwazamitsa, bwana!"

Akabzala ina.

"Aaa, mwabzala pamwamba!"

"Samalani mbewa!"

Anabzala, anadikira. Tsiku lachisanu ndi chiwiri linafika, zii. Anagwada, anafukula ndi chala, anapeza njere itawola. Anapakiza. Zii. Anathirira ndi ndowa mvula ikugwa. Zii. Udzu unamera, chisoso chinamera, bonongwe anamera.

Anakweza maso n'kuona Nasimango ataima pamutu pa mzere.

"Mayi," anatero Kamzimbi, "ndichitireni chisoni. Sikumera."

"Zoona?" anatero Nasimango. "Zodabwitsa. Kwina konse chimanga chafika m'chiuno. Ndinu nokha."

Ha! Pamenepa ine ndimafuna kuvina, koma mawondo akana.

Chimanga chija chitagawidwa, khomo lililonse linapezadi ndowa imodzi. Sandikonda anaiyang'ana yake n'kupukusa mutu.

"Si ndinanena, achemwali? Chaka chathunthu cha ming'alu, kandowa kamodzi. Matumba asanu munawabweza."

"Sindinayendere ndowa, achimwene. Lumo lija mwatenga?"

Anali nalo m'thumba. Chaka chonse ankayenda nalo.

Nasimango anakwera pakhonde la sitolo, anakhala pansi, msana atatsamira zitseko zotseka zija. Sandikonda anayamba kumeta. Tsitsi linagwa, linagwa, linagwa, mulu wathunthu. Atatha, Nasimango anawola tsitsi lonse ndi manja awiri, anatsika, n'kukaliwaza pamizere ya Kamzimbi.

"Nawo manyowa, bambo. Mwina athandiza."

Kenako anagwira mutu wake wosalala uja, anayang'ana njira ya kumanda.

"Lekeleni mwana wanga, gona tsopano. Amako amaliza."

Ndipo analira. Kulira kwa chaka chonse kunatuluka tsiku limenelo, mpaka amuna akuluakulu anatembenukira kumbali.

Mchere unasowadi, sindikubisirani. Miyezi ingapo anthu ankayenda masiku awiri kukaufuna, ndipo anyamata a m'sitolo anabwerera ku khasu akutukwana. Koma pang'onopang'ono timagolosale tinayambanso kuphuka m'midzi, ndipo wogulitsa mbewu aliyense ankayamba waimeretsa m'mbale pakhonde kuti ogula aone ndi maso awo. Mbewu yamakolo anakaipempha kutali, inabwereranso pautsi.

Nanga Kamzimbi? Amene amadutsa pamphambano paja amati zitseko zidakali zotseka, malata anachita dzimbiri. Ndipo pabwalo pamakhala nkhalamba ina yowonda, ili chogwada, ikufukula dothi ndi chala. Ukaipatsa moni siyankha. Imangofunsa kuti, "Kwanu yamera?"

Wina akumumvera chisoni pamenepa? Mumvereni Lekeleni.

Nthano yanga yapsera pomwepa ngati chikuni ichi, ndipo mbatata ili paphulusayo ndi yanga. Wokunyengani mmodzimmodzi, mukamuyankhe muli nonse.