Tiyese ndi Moto Umene Unazima

Kalekale, m'mudzi wina wa m'tsinde mwa phiri, munali mtsikana dzina lake Tiyese. Tiyeseyu anali wa anthu. Kumtondo anali ndi anzake, kuchitsime anali ndi anzake, kumaliro ndi kuukwati sankasowa.

Tsono kunabwera mnyamata wosula makasu, dzina lake Gwedeza. Anali wolankhula motsitsa, wogwada polonjera akulu. Anafunsira Tiyese, ankhoswe anagwirizana, ukwati unamangidwa. Posakhalitsa Gwedeza anapempha chitengwa, kuti akakhale ndi mkazi wake kwawo. "Sakasowa kanthu," anatero. Abale anavomera.

Ndipo zoonadi, Tiyese sanasowe kanthu. Nsalu zinalipo, mikanda inalipo, nyama inalipo. Koma nyumba Gwedeza anaimanga payokha, kutsidya kwa mtsinje, kutali ndi abale ake omwe.

Tsiku lina Tiyese anabwera kuchokera kumtondo akuseka.

"Mumaseka chiyani ndi akazi aja?" anafunsa Gwedeza.

"Nkhani za kumtondo basi."

"Amaseka iwe, koma sudziwa. Ndikusemera mtondo wako, uzisinja pompano."

Tiyese anati mumtima, "Amandikonda." Analeka kumtondo.

Tsiku lina bambo wina anamulonjera panjira ya kuchitsime.

"Amuna a kuno maso awo ndi oipa," anatero Gwedeza. "Madzi ndizikutungira ndine."

Tiyese anati mumtima, "Ndi mwamuna uti amatungira mkazi madzi? Amandikonda." Analeka kuchitsime.

Tsiku linanso anati, "Bambo, ndawasowa amayi. Ndikawaone."

"Abale ako anakuiwala. Wabwerapo ndani kudzakuona? Wokukonda ndine ndekha."

Tiyese analira, Gwedeza namupukuta misozi. Mwamunayu sankakalipa ayi. Mkazi akangoti "koma", iye ankakhala chete, osadya, osamuyang'ana, mpaka Tiyese apepese mlandu umene sakuudziwa. Motero Tiyese anaphunzira kupempha. Kuthyola ndiwo kuseri, kupempha. Kusintha nsalu, kupempha. Kukhala pakhonde, kupempha.

Nyengo ya dzinja itayandikira, Gwedeza anamanga makasu ake kuti akasinthanitse ndi mbuzi kumidzi yakutali. Potsazika anati, "Usawoloke mtsinje. Ndikabwera ndidzayang'ana mapazi pamchenga."

Atachoka, kunagwa mvula yamkuntho. Denga linadontha, moto unazima. Mvula itakata, Tiyese anaona utsi ukufuka kutsidya. Anatenga phale kuti akapale moto. Atafika pamtsinje anayang'ana mchenga uli see, nabwerera. M'mawa mwake anapitanso, nabwerera. Mkuja wake anapitanso, nabwerera. Anayamba kudya chinangwa chachiwisi.

Kutsidyako kunali mlongo wake wa Gwedeza, dzina lake Lekeleni. Iye anadabwa kuti nyumba ya mlongo wake siikufuka utsi, ndipo anawoloka.

"Odi! Mlamu, mukudwala?"

"Ayi," anayankha Tiyese.

"Nanga moto?"

"Unazima."

"Bwanji osadzapala kwathu?"

"Sindinapemphe."

Lekeleni anayang'ana chitseko, chinali chosatseka. Anayang'ana miyendo ya mlamu wake, inali yosamanga. Anakhala pansi.

"Amakumenyani?"

"Sanandimenyepo. Amandikonda."

"Mlamu, Gwedeza ndi ine tinayamwa bere limodzi, koma izi sindibisa. Mlongo wanu wakhala akubwera kuno. Amayi anu akudwala. Gwedeza ankamubweza pamtsinje, ati inu simufunanso kuona abale anu. Ifenso anatiuza kuti simufuna alendo."

Tiyese anakumbukira mtondo, anakumbukira chitsime, anakumbukira misozi ija. Kenaka anaimirira. Anaponda pamchenga paja, nawoloka.

Atafika kwa Lekeleni, anamva mlamu wake akuuza mwamuna wake kuti, "Bambo, ndikuperekeza alamu kwawo."

"Muyende bwino," anayankha mwamunayo. "Mukawapepese odwalawo. Za ana musade nkhawa, ndilipo."

Ali panjira Tiyese anafunsa, "Basi? Mwangowauza?"

"Timauzana," anatero Lekeleni. "Iwonso akamachoka amandiuza. Nthawi zina timakangana, koma sindiwaopa."

Atafika kwawo, Tiyese anapeza amayi ake ali pamphasa, ataonda. Anamugwira dzanja nati, "Mwana wanga, tinkayesa watitaya."

Gwedeza atabwerako anaona mapazi aja, nalondola. Poyamba anabwera ndi nsalu, Tiyese anakana. Anabweranso ndi misozi, Tiyese anakana. Pomaliza anati, "Ukapanda kubwerera ndikadziponya m'dziwe. Imfa yanga idzakhala pamutu pako."

Apa mtima wa Tiyese unagwedezeka, pakuti anali akumukondabe. Koma ulendo uno sanasunge nkhani yekha. Anauza mlongo wake, mlongo wake anaitana ankhoswe a mbali zonse.

Pabwalo Gwedeza anafunsa mwaulemu, "Anasowa chiyani kwanga? Ndinamumenya liti?"

Anthu ena anagwedeza mitu, ati, "Zoona, mwamuna wotere ndi wosowa."

Tiyese anayankha ali chogwada. "Simunandimenye, bambo. Koma munanditenga ndili ndi anzanga, ndili ndi abale, ndili ndi maganizo anga. Zonsezi munandichotsera chimodzichimodzi, mpaka ndinayamba kuopa mapazi anga omwe. Kumeneko sindibwererako."

Lekeleni anachitira umboni. Ankhoswe anathetsa ukwati. Abale a Gwedeza anamutenga kupita naye kwawo, namuyang'anira, ndipo m'dziwe sanadziponyemo. Tiyese anatsala kwawo, nadwazika amayi ake mpaka anadzuka ndi kugwiranso khasu.

Tsono anyamata ndi atsikana inu, imvani. Si nkhanza zonse zimene zimasiya chipsera. Munthu akamakusiyanitsa ndi anzako, akamakudanitsa ndi abale ako, akamakusenzetsa mlandu wa mkwiyo wake, ngakhale alankhule mokoma chotani, uza wina msanga. Wokukonda zenizeni umamuuza zakukhosi popanda mantha. Ndipo ukaona kwa mnzako kuli zii, woloka ukamufunse.

Nthano yanga yatulira katundu pamenepa. Amene wamva, akauzeko mnzake.